Lazaro wa ku Malembo, phwando la Herode ndi maina omwe timatola m'Baibulo

Pa 5 Epulo 1955, m'banja lina la alimi m'boma la Lilongwe munabadwa mwana wamwamuna. Chimwemwe chinalipo, koma chosakanikirana ndi mantha, pakuti anyamata awiri omwe iye anapondana nawo anamwalira ali makanda. Bambo ake sanavutike kusaka dzina. Anakumbukira munthu wa ku Betaniya uja anagona m'manda masiku anayi n'kutulukamo wamoyo, ndipo anati uyu akhala Lazaro. Mwanayo ndi Lazarus McCarthy Chakwera wa ku Malembo kwa Khongoni, yemwe anatsogolera mpingo wa Assemblies of God kuyambira 1989 mpaka 2013, n'kukhala phungu wa kumpoto chakumadzulo kwa Lilongwe mu 2014, kenako mtsogoleri wa dziko kuyambira 2020 mpaka 2025.

Za ndale zikhale apo. Chokopa chidwi n'chakuti bamboyo anatenga dzina n'kulisandutsa pemphero. Makolo a Chichewa, imfa ikamawalanda ana motsatizana, ankachita zofanana koma modzera njira ina: mwana ankamutcha Maliro, Manda kapena Nditani, dzina lowawa loti imfa kapena mfiti ikamva iganize kuti ameneyu palibe akumuwerengera. Ayuda a kum'mawa kwa Ulaya nawo anali ndi njomba yawo. Khanda lobadwa pambuyo pa ana omwalira ankalitcha Alter, kutanthauza nkhalamba, kuti mngelo wa imfa akabwera kudzafuna mwana asokonezeke. Wodwala mwakayakaya amamuwonjezera dzina loti Chaim, lomwe ndi moyo, ndipo mwambo umenewu ulipobe.

Pa nkhani ya maina ndi masiku obadwa, agogo a ku Nsaru omwe sadziwa tsiku lomwe anabadwa ali pafupi ndi anthu a m'Baibulo kuposa mdzukulu wawo wa m'tauni yemwe amazimitsa makandulo pa keke chaka ndi chaka.

Nkhondo ya pamitala

Wofuna kumva maina akulankhula awerenge Genesis mutu 29 ndi 30. Yakobo ali ndi akazi awiri apachibale, Leya ndi Rakele. Mtima wake uli pa Rakele, koma wobereka ndi Leya. Zotsatira zake munthu aliyense yemwe anakulira pafupi ndi banja la mitala angazilosere: akaziwo sakutukwanana pabwalo, akulasana kudzera m'maina a ana.

Woyamba Leya akumutcha Rubeni, ngati kunena kuti taonani, mwana wamwamuna uyu, mwina tsopano bambowa andikonda. Wachiwiri ndi Simeoni, poti Mulungu wamva kuti akudedwa. Wachitatu Levi, poyembekeza kuti mwamuna amuphatikira. Pofika wachinayi mayiyu watopa kudikira chikondi, wangoti Yuda, dzina lotamanda Mulungu, lomwe kwathu kuno likanakhala Tamandani kapena Yamikani. Rakele sanakhale chete. Anapereka mdzakazi wake Biliha kwa mwamunayo, ndipo ana obadwawo anawatcha Dani, kusonyeza kuti Mulungu wamuweruzira mlandu, ndi Nafitali, kulengeza kuti walimbana ndi mkulu wake ndipo wapambana. Leya anabwezera kudzera mwa mdzakazi wake Zilipa: Gadi, yemwe ndi Mwayi, ndi Aseri, yemwe ndi Chimwemwe. Rakele atabereka wakewake pomaliza, anamutcha Yosefe, kupempha kuti Mulungu amuwonjezere wina.

Mafuko a Israeli, omwe abusa amawatchula mwaulemu paguwa, maina awo anabadwira m'nsanje ya akazi awiri. Amene anakumanapo ndi mayi wotchedwa Mwandida, Tinenenji kapena Zione kwa Kabudula sangadabwe nazo. Dzina lotere limakhala ndi munthu yemwe likumunena, kaya ndi apongozi, kaya mkazi mnzake, kaya anansi amiseche, ndipo mudzi wonse umadziwa kuti mwalawo waponyedwera kuti.

Chinanso choonekera m'mitu iwiriyi n'chakuti otcha maina ndi amayi. Yakobo analowererapo pa mwana womaliza yekha. Rakele akutsirizika pobereka panjira ya ku Betelehemu anatcha khandalo Benoni, mwana wa chisoni changa, koma bambo anakana kuti mwana asenze maliro a mayi ake moyo wonse ndipo anamusintha kukhala Benjamini, mwana wa dzanja lamanja. Ena sanapeze wowasinthira. Yabezi wa mu 1 Mbiri mutu 4 ndi Mavuto weniweni, poti mayi ake anamubala movutika. Ikabodi anabadwa tsiku lomwe Afilisti analanda likasa la chipangano, bambo ake Finehasi n'kuphedwa, agogo ake Eli n'kugwa pampando n'kuthyoka khosi. Mayi ake, nawonso ali pafupi kufa, anamupatsa dzina lonena kuti ulemerero wachoka. Mneneri Hoseya anafika potcha mwana wake wamkazi dzina lotanthauza wosachitiridwa chifundo. Mneneri Yesaya anapatsa wake dzina lalitali kuposa onse m'Baibulo, Maheri-salali-hasi-bazi, lonena za kufunkha kofulumira. Mwana ameneyu akanakhala wa lero, mphunzitsi wa sitandade 1 akanalira naye poitana maina.

Kutuluka m'chikuta

Pa Namitete pali chipatala cha St Gabriel, chomwe masisitere a chipani cha Karimeli ochokera ku Luxembourg anatsegula mu 1959. Dzinali linagwa pamalo pake, pakuti Gabrieli ndiye mngelo wa nkhani za uchembere. Mu Luka mutu 1 ndi iye akuuza Zekariya kuti Elizabeti adzaima, ndi iyenso akuuza Mariya zomwezo, ndipo konse kuwiri akusiyiratu dzina mwana asanabadwe. M'Baibulo la mabuku 66 angelo abwino otchulidwa maina ndi awiri okha, Gabrieli ndi Mikaeli. Akatolika ali ndi wachitatu, Rafaeli, wa m'buku la Tobiti.

Ngakhale dzina linadziwika kale, Yohane ndi Yesu sanatchulidwe tsiku lobadwa. Anadikira tsiku lachisanu ndi chitatu, la mdulidwe, monga Ayuda amachitira mpaka lero ndi ana aamuna. Kwa Achewa nthawi yake ndi yomweyo pafupifupi: mayi ndi khanda amabindikira m'chikuta kufikira mchombo utagwa, pafupifupi sabata imodzi, ndipo dzina limadza potuluka. Levitiko mutu 12 amapitirira apo. Mayi wobala mwamuna amatha masiku 40 asanayandikire malo opatulika, wobala mkazi masiku 80.

Pa mwambo wa Yohane panabuka mkangano womwe banja lililonse la kuno lingauzindikire. Achibale ndi anansi anali atagwirizana kale kuti mwana atenge dzina la bambo ake, Zekariya. Elizabeti atakana, anamutsutsa ponena kuti pamtundu pawo palibe wa dzina limenelo. Zinatengera bambo, yemwe anali asakulankhula, kulemba pa kathabwa kuti mlandu uthe. M'buku la Rute zinafika pena: mwana wa Rute ndi Boazi anatchedwa Obedi ndi amayi oyandikana nawo nyumba, makolo ali pomwepo. Dzina silinali nkhani ya anthu awiri okha. Ayuda a lero agawikana pa mfundo yotengera dzina la wachibale. A mwambo wa Ashkenazi amatcha mwana dzina la yemwe anamwalira, osati wamoyo, pomwe a mwambo wa Sephardi amanyadira kutcha mdzukulu dzina la agogo akadali ndi moyo.

Maphwando awiri, mitembo iwiri

Tsono tsiku lobadwa? Apa Baibulo ndi louma. Limatiuza kuti Metusela anakhala zaka 969 ndipo Mose 120. Farao atafunsa Yakobo zaka zake, nkhalambayo inayankha mosazengereza kuti 130. Zaka ankawerenga, koma palibe mneneri, wansembe kapena mtumwi ndi mmodzi yemwe amene timamuona akuchita phwando lokumbukira kubadwa kwake.

Maphwando otere otchulidwa mosabisa ndi awiri, onse a mafumu. Loyamba lili mu Genesis mutu 40. Farao anakonzera nduna zake chakudya pa tsiku lake lobadwa n'kutulutsa akaidi awiri omwe anali ndi Yosefe m'ndende. Woperekera chikho anabwezeredwa pantchito, wophika mkate anapachikidwa. Lachiwiri ndi la Herode Antipa mu Mateyu 14 ndi Marko 6. Mwana wamkazi wa Herodiya anavina, mfumu inasangalala mpaka kulumbira pamaso pa alendo kuti imupatsa chilichonse, ndipo mtsikanayo, atanong'onezedwa ndi mayi ake, anapempha mutu wa Yohane Mbatizi m'mbale. Ambiri amamudziwa mtsikanayu kuti Salome, koma Mateyu ndi Marko sanamutchule dzina. Analitchula ndi Josephus, Myuda wolemba mbiri wa m'zaka za zana loyamba.

M'Baibulo la Akatolika muli lachitatu. Buku la 2 Amakabeo mutu 6 limasimba kuti m'nthawi ya mfumu Antiochus, Ayuda ankakakamizidwa kudya nawo nsembe zokondwerera kubadwa kwa mfumuyo, osati chaka ndi chaka, koma mwezi ndi mwezi. Ena amawonjezapo ana a Yobu, omwe ankachita madyerero aliyense pa tsiku lake, ngakhale lembalo silinena kuti linali tsiku lanji. Yobu mwiniwake, mofanana ndi Yeremiya, anatchula tsiku lake lobadwa pofuna kulitemberera basi.

N'chifukwa chake Origen, mphunzitsi wa Chikhristu wa ku Alexandria wa m'zaka za m'ma 200, anaphunzitsa kuti m'Malemba ndi ochimwa okha omwe amakondwerera kubadwa kwawo. Mpingo woyamba unkasunga tsiku lomwe munthu wafera chikhulupiriro, n'kumalitenga ngati kubadwa kwake kwa kumwamba. Mpaka pano masiku ambiri a oyera pa kalendala ya Katolika ndi masiku a imfa zawo, ndipo kubadwa kokondwereredwa ndi mpingo wonse ndi kwa atatu okha: Yesu pa 25 Disembala, Yohane Mbatizi pa 24 Juni ndi Mariya pa 8 Seputembala. Ayuda nawo amalemekeza kwambiri tsiku lokumbukira imfa ya kholo, pomwe amayatsa kandulo chaka chilichonse. Kumudzi kwathu n'chimodzimodzi: mbumba imasonkha ndalama za chiliza ndi mowa wokumbukira malemu, koma sinasonkhepo za tsiku lomwe malemuwo anabadwa.

A Mboni za Yehova amatsamira pa maphwando a Farao ndi Herode pokana kukondwerera masiku obadwa, Khirisimasi yomwe. Anthuwa kukana amakudziwa. Boma la Malawi linawaletsa mu 1967 kaamba kokana kugula makhadi a chipani cha MCP, mu 1972 zikwizikwi anathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Munthu wopirira zotere sangagonje chifukwa cha keke, ndipo chikumbumtima chake n'choyenera ulemu. Komabe pa lemba lenilenilo, nkhani ziwiri zoipa sizipanga lamulo. Malamulo a Mose amafika mpaka pa nsomba yoyenera kudya ndi nsalu yosayenera kuvala, koma za tsiku lobadwa salamula ndipo saletsa. Chinapha Yohane ndi chidani cha Herodiya ndi lumbiro la mfumu yoopa manyazi. Ndipo Baibulo silidana ndi kusangalalira mwana: Abrahamu anachita phwando lalikulu tsiku lomwe Isake analeka kuyamwa.

Chaka cha chivomezi, chaka cha njala

Ku Malawi nako tsiku lobadwa linayamba ngati chinthu cha mfumu. Kwa zaka zambiri tsiku lodziwika m'dziko lonse linali 14 Meyi, la Kamuzu, pomwe mbumba inkavina n'kupereka mphatso. Tchuthichi chinachotsedwa boma litasintha mu 1994, n'kudzabwezeretsedwa mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika. Chodabwitsa n'chakuti mwini tsikulo analibe kalata yobadwira. Boma linkati anabadwa mu 1906, koma ofufuza mbiri ambiri amaloza cha m'ma 1898, ndipo pomwe ankamwalira ku Johannesburg pa 25 Novembala 1997 nkhani ya zaka zake inali isanathe. Chomwe sichinasokonekere ndi dzina. Kamuzu ndi ka muzu, kukumbukira mankhwala omwe mayi ake anamwa kuti aone mwana, ndipo Hastings analitenga kwa mmishonale wa ku Scotland, John Hastings.

Anthu wamba ankasunga nthawi ndi zochitika. Wina amati anabadwa chaka cha njala ya 1949, wina chaka chomwe a Kamuzu anamangidwa, wina pa nthawi yokolola mtedza. Aneneri ankawerenga chimodzimodzi. Amosi akuti anayamba kulalikira zaka ziwiri chivomezi chisanachitike, Yesaya akuti anaona masomphenya chaka chomwe mfumu Uziya inamwalira.

Ngakhale Yesu, yemwe Luka akuti anabadwa pa nthawi ya kalembera wa Kaisara Augusto, tsiku lake silinalembedwe paliponse m'Mauthenga Abwino. Umboni wakale kwambiri wa Khirisimasi ya pa 25 Disembala ndi wa ku Roma m'chaka cha 336. Akhristu a ku Armenia amaichita pa 6 Januwale, a ku Ethiopia pa 7. Chaka chenichenicho chinaphonyeka: mmonke Dionysius Exiguus, yemwe anakonza kawerengedwe ka zaka kathuka mu 525, anasemphanitsa pang'ono, pakuti Herode Wamkulu, wofuna kupha khandalo, anamwalira zaka zinayi chisanafike chaka chomwe kalendala imayambira. Anzeru a kum'mawa aja Mateyu sananene kuti anali atatu, sananene kuti anali mafumu, ndipo maina oti Caspar, Melchior ndi Balthasar anadza patapita zaka mazana.

Zinthu zinatembenuka ndi lamulo la kalembera wa dziko la 2010, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2015. Mu 2017 bungwe la NRB linalemba anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo, ndipo fomu inkafuna tsiku, mwezi ndi chaka. Ambiri achikulire anapulumukira pa kalata ya ubatizo, pakuti mabuku a m'maparishi akale monga Nambuma, yomwe ansembe a White Fathers anatsegula m'zaka za m'ma 1920, ankasunga masiku boma lisanayambe kulemba ana a kumudzi. Lero chiphaso cha unzika chimafunika pogula fetereza wotsika mtengo, polembetsa nambala ya foni ndi povota. Tsiku lobadwa lasanduka chinthu cha aliyense, ndipo Facebook ikakumbutsa, keke imakwera kabaza pa Mpingu kupita kumudzi komwe agogo sanaionepo pa mwambo wotere.

Maina a ku Babulo

Nanga maina omwe tinatola m'Baibulo tinasankha bwanji? Palibe sukulu ya kuno yopanda Shadreck kapena Misheck. Koma Danieli mutu 1 akunena poyera kuti Sadrake, Mesake ndi Abedinego ndi maina omwe mkulu wa nduna za ku Babulo anapatsa anyamata ogwidwa ukapolo pofuna kuwaiwalitsa kwawo. Makolo awo anawatcha Hananiya, Misaeli ndi Azariya, maina otchula Mulungu wa Israeli, pomwe Abedinego akumveka kuti ndi mtumiki wa Nebo, mulungu wa Ababulo. Danieli yekha ndiye tinamusungira dzina la kwawo, la Belitesazara n'kulitaya. Estere nayenso dzina la makolo ake ndi Hadasa, ndipo buku lake mu Chiheberi silitchula Mulungu ngakhale kamodzi.

Mtundu womwe unauzidwa pa ubatizo kuti dzina la kumudzi n'lachikunja uyenera kuimva bwino nkhani ya anyamatawa. Malamulo a mpingo wa Katolika a 1917 ankafuna dzina la Chikhristu pa ubatizo, n'chifukwa chake m'midzi yozungulira Nambuma ndi Namitondo muli agogo ambiri otchedwa Anastazia, Sikolasitika ndi Benedikito. Malamulo a 1983 anafewetsa: dzina lingokhala losatsutsana ndi Chikhristu. Chisomo, Mphatso ndi Madalitso analowa m'buku la ubatizo mosavuta, ndipo sanabwere ndi chachilendo, pakuti Hana ndi Chisomo, Mateyu ndi Mphatso ya Mulungu, Baruki ndi Dalitso.

Kudambwe sanangoonerera. Mishoni itayamba kulimbana ndi gule wamkulu, pabwalo panatuluka zilombo za maina a m'tchalitchi, Simoni wa nkhope yofiira ndi Maliya, zomwe zikuvinabe mpaka pano. Ndipo kusintha dzina Achewa sanaphunzire kwa amishoni. Wotuluka ku chinamwali amalandira dzina latsopano, ndipo kumuitana ndi la paubwana ndi chipongwe. Abramu kukhala Abrahamu, Yakobo kukhala Israeli ndi Simoni kukhala Petro zinali zomveka kale kwa iwo. Koma za Saulo alaliki ambiri amaphonya. Sanasinthidwe dzina panjira ya ku Damasiko: buku la Machitidwe likupitiriza kumutcha Saulo kufikira mutu 13, pomwe likungonena kuti ankatchedwanso Paulo. Anali ndi maina awiri, la Chiyuda ndi la Chiroma, monga ambiri ali ndi la pakhomo ndi la kusukulu.

Dzina la Mulungu mwini nalo linavutitsa omasulira. Mu Chiheberi limalembedwa ndi zilembo zinayi ndipo limapezeka koposa ka 6,800, koma Ayuda salitchula, amati Adonai kapena HaShem. Buku Lopatulika la 1922, lomwe William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed anatsogolera pomasulira, linalemba kuti Yehova. Buku Loyera la 1998, lomwe Akatolika ndi mipingo ina anamasulira limodzi, linasankha Chauta, dzina lomwe makolo ankaitana popempha mvula.

Pali anthu ena omwe Baibulo linawamana maina dala kapena mosalabadira. Mkazi wa Nowa, mkazi wa Loti, mkazi wa Yobu ndi mayi wa ku Samariya uja palibe akudziwa maina awo. Ena amatchulidwa mwa ulemu wa kwathu, monga amake a ana a Zebedayo ndi apongozi a Petro. Pa mafanizo onse a Yesu, kupatula Abrahamu, munthu mmodzi yekha ndiye ali ndi dzina, Lazaro wopemphapempha, pomwe wachuma wa m'fanizo lomwelo alibe. Mu Eksodo mutu 1 mfumu ya Aigupto, yamphamvu kuposa onse pa nthawiyo, yangotchedwa Farao, lomwe ndi dzina la udindo, ndipo akatswiri akutsutsanabe kuti anali uti. Koma azamba awiri omwe anakana lamulo lake lopha ana aamuna analembedwa maina: Sifra ndi Puwa. Kumapeto kwa buku la Yobu ana aamuna asanu ndi awiri angowerengedwa, pomwe aakazi atatu atchulidwa mmodzimmodzi, Yemima, Keziya ndi Kerenihapuki, ndipo analandira cholowa pamodzi ndi alongo awo.

Wofuna dzina la m'Baibulo la mwana wake ayambe wawerenga mutu wonse womwe dzinalo likupezekamo, chifukwa Nabala limamveka bwino m'khutu koma mkazi wake yemwe, Abigayeli, anachitira umboni kuti limatanthauza chitsiru. Ndipo inu amene makolo kapena agogo anu akadalipo, afunseni kuti dzina lanulo anakutchani ndani, ankanena yani, ndipo m'mudzi munkachitika zotani chaka chimenecho. Pa chiphaso cha NRB palibe malo olembapo yankho lake, choncho lilembeni nokha mkati mwa chikuto cha Baibulo la pakhomo.